AKALATA A MASIYE A KU VIRGINIA, NDI MAINA A AKAPOLO OLEMBEDWAMO

Munthu wa kwathu kuno akafuna kudziwa makolo ace, apita kwa atsibweni ace kapena kwa agogo ace akazi, nakhala pansi, nafunsa. Iwo amuwerengera maina a mbumba yonse kuyambira pa kholo lalikazi, namuuza mudzi umene anacokera, ndi mtsinje umene anaoloka, ndi manda amene anagonamo. Koma alipo anthu a khungu lathu tsidya lija la nyanja yaikuru amene alibe wakumfunsa zotere, pakuti ukapolo unamwaza mbumba zao zaka zoposa 200, mwana kwina, amace kwina. Anthu otere akafuna makolo ao alowa m'nyumba ya milandu, napempha mabuku akale m'mene munalembedwa cuma ca akufa. Ndipo m'menemo, pakati pa ng'ombe ndi miphika ndi makasu, apeza dzina la agogo ao.

M'nkhani yino tifuna kukufotokozerani, inu aphunzitsi ndi akatekisi anzathu, za mabuku amenewa monga asungidwa m'dziko la Virginia ku America. Tasankha Virginia cifukwa mabuku ace ali akale ndithu, ndiponso dzina lace siliri lacilendo kwa ife. John Chilembwe anaphunzira komweko, m'mudzi wa Lynchburg, asanabwerere kuno m'caka ca 1900. Ndipo Booker T. Washington, amene mbiri ya sukulu yace ya Tuskegee inamveka m'masukulu athu a aphunzitsi, anabadwira komweko ali kapolo. Cimene tifuna mucigwire ndi ici: olemba mabukuwa analikuwerenga cuma, cifukwa cace anasunga dzina la munthu ndi mtengo wace, nataya cibale cace, ndipo wofuna cibaleco ayenera kucilumikiza yekha, ndi cipiriro cambiri.

ZA MAU ENA

Tiyambe ndi mau, kuti tingasokonezane. Virginia agawika m'zigawo zazing'ono zimene eni ace azicha county. Lero ziripo 95. Cigawo ciri conse ciri ndi bwalo lace la milandu, ndi mlembi wace, ndi cipinda cosungiramo mabuku. Cifanana pang'ono ndi boma la kwathu, monga tinena boma la Dedza kapena la Kasungu. M'nkhani yino tidzangoti cigawo.

Kalata amene munthu alemba akali ndi moyo, wonena magawidwe a cuma cace atamwalira, Angerezi amucha will, ndiko kunena cifuniro. Ndipo anthu athu anatola liuli nalichula wilo. Ife tidzati kalata wa masiye. Liu ili la masiye licokera ku mneni kusiya. Cotero tinena mwana wamasiye, mkazi wamasiye, cuma ca masiye, ndizo zonse wakufa anazisiya m'mbuyo. Liripo liu linzace, ndilo colowa, locokera ku mneni kulowa. Pa cinenero cathu wolandira za wakufa ndiye wolowa: alowa nyumba, alowa dzina, alowa ufumu, ndipo polowapo asenza ndi akatundu omwe a wakufayo, ndiwo ana, ndi alongo, ndi milandu yotsala. Koma kalata wa bwalo la Azungu asamalira zinthu zoturuka m'dzanja la wakufa, ciri conse ndi mtengo wace ndi dzina la wocilandira. Kusiyana kumeneku mudzakuona m'nkhani yonseyi.

CIYAMBI CA MABUKU NDI MALEMBEDWE ACE

Angerezi anamanga Jamestown, mudzi wao woyamba wa ku Virginia, m'caka ca 1607. Kwao ku England milandu ya masiye inali m'manja mwa mabwalo a Mpingo, pansi pa mabishopu, ndipo inakhala comweco kufikira 1858. Koma ku Virginia kunalibe bishopu masiku onse a ulamuliro wa mfumu ya England; cotero nchitoyi inagwera mabwalo a m'zigawo. M'caka ca 1634 dziko linagawidwa zigawo 8 zoyamba, ndipo pocuruka anthu zigawo zinacurukanso, cacikuru cidulidwa nicibala cacing'ono. M'mudzi wa Eastville, m'cigawo ca Northampton, muli mabuku a bwalo oyambira 1632 osadukiza kufikira lero lino. Ndiwo akale koposa onse a mtundu wao m'dziko la United States.

Kwathu cuma ca masiye cigawidwa pabwalo, abale atasonkhana tsiku la kumeta, ndipo mudzi wonse ndiwo mboni. Ku Virginia macitidwe anali otere. Munthu atamwalira, iye amene wakufayo anamsankha akhale mdindo wa cumaco anadza naye kalata ku bwalo. Mboni zimene zinaona wakufayo alikulemba dzina lace, kapena alikuika cizindikilo ca mtanda ngati sanadziwe kulemba, zinalumbira kuti nzoona. Pamenepo mdindo anapereka cikole, kuti akadya cumaco alipe iye pamodzi ndi omuimira. Bwalo linasankha anansi atatu kapena anai, amuna odziwa mitengo ya zinthu, kuti apite ku nyumba ya masiye nalembe zonse adzazipeza: kama, zofunda, mipando, mbale, mfuti, akavalo, nkhumba, fodya wa m'cigafa, ciri conse ndi mtengo wace. Zikakhalapo ngongole, zinthu zinagulitsidwa poyera, nalembedwa dzina la wogula ali yense ndi cimene anagula. Potsiriza mdindo anaonetsa ku bwalo mawerengedwe a ndalama zolowa ndi zoturuka, ndi gawo la wolandira ali yense. Mlembi wa bwalo analembanso zonsezi ndi dzanja m'buku lalikuru, namanga akalata eni ace m'mitolo.

Munthu akafa wopanda kalata, lamulo linagawa lokha. Bwalo linaika mdindo, kawiri kawiri mkazi wamasiye kapena mwana wamkuru. Mkazi analandira limodzi la magawo atatu a dziko la mwamuna wace, kuti adyepo masiku a moyo wace okha. Ndipo kufikira lamulo la 1785 linasintha mwambowu, wolowa dziko la munthu wotere anali mwana wamwamuna woyamba yekha, abale ace osalandirako. Mkazi wokwatiwa analibe mphamvu pa cuma cace, popeza lamulo linaciika m'manja mwa mwamuna, kufikira 1877. Cifukwa cace akalata a akazi m'mabukuwa ali makamaka a amasiye ndi a osakwatiwa. Aumphawi naonso, opanda kanthu kakugawa, sapezekamo kawiri kawiri. Koma akapolo, amene analibe ngakhale matupi ao omwe, adzala m'masamba onse, pakuti iwo ndiwo anali cuma cogawidwaco.

MWANA ATSATA AMACE

Anthu akuda oyamba anafika ku Virginia m'caka ca 1619, anthu 20 ndi mphambu, ogwidwa m'dziko la Angola. M'caka ca 1662 akuru a dzikolo anaika lamulo lakuti mwana ali yense adzakhala kapolo kapena mfulu monga ali amace. Ife Acewa ndi Amang'anja tikamva mau awa tiyesa ngati mwambo wathu, pakuti kwathu mwana ndi wa kucikazi. Koma taonani kusiyana kwace. Kwathu mwana atsata amace kuti akhale nayo mbumba, ndi mtsibweni womuimira pa mlandu, ndi munda wolimapo. Ku Virginia ana a Azungu anatsata atate ao pa dzina ndi pa colowa. Koma mwana wa mdzakazi anatsata amace kuti akhale cuma ca mbuye wa amacewo, cinkana atate wace anali mfulu, cinkana anali mbuye yemweyo. Ukwati wa akapolo lamulo silinaudziwe konse. Cotero m'mabuku a masiye mupeza mau onga akuti, mkazi wakuti ndi mwana wace, kapena, mkazi wakuti pamodzi ndi onse adzawabala m'tsogolo. Koma dzina la atate mulibe. Ukapolo unaliko kwathunso, ndipo a ku Nkhotakota audziwa bwino. Koma ogulitsidwa a kwathu sanalembedwe m'buku la bwalo, ndipo maina ao anamira nao pamodzi.

Popeza akapolo anali cuma, imfa ya mbuye inali tsiku loopsa kwa iwo. Ana a mbuye akakhala 5, akapolo anaikidwa m'magulu 5 olingana mtengo, ndipo nthawi zina olowa anacita maere kuti ali yense adziwe gulu lace. Ngongole zikacuruka, anagulitsidwa kwa wopereka ndalama zambiri. Tsiku lomwelo lolekanitsa mai ndi mwana ndilo tsiku limene maina ao analembedwa. Ndipo pepala la tsiku lomwelo ndilo zidzukulu zao zilifuna lero.

Cifukwa cakulifuna ndi ici. Boma la United States licita kalembera wa anthu zaka 10 ziri zonse kuyambira 1790. Pa kalembera wa 1850 ndi wa 1860 akapolo analembedwa pansi pa dzina la mbuye wao, zaka zao, ndi kuti ndi mwamuna kapena mkazi, ndi maonekedwe a khungu, koma opanda dzina. M'caka ca 1860 akapolo a ku Virginia anali ngati 490,000. Ukapolo unatha m'caka ca 1865, ndipo kalembera wa 1870 ndiye woyamba kuchula onsewa ndi maina ao. Cotero wofuna makolo ayenda bwino cobwerera m'mbuyo kufikira 1870, napeza linga. Khomo lalikuru la lingalo ndiwo mabuku a masiye.

MNYAMATA WA MADOLA 400

Tione citsanzo. M'cigawo ca Franklin, pa malo ochedwa Hale's Ford, panali mlimi wa fodya dzina lace James Burroughs, mwini munda wa maekala 207. Iye anamwalira m'caka ca 1861, ndipo caka comweco anansi analemba cuma cace monga mwa lamulo, napereka pepala ku bwalo la ku Rocky Mount. Pamodzi ndi ziweto ndi zipangizo za m'nyumba analemba akapolo 10, mtengo wao wonse madola 5,550. Mwa iwo munali mkazi Jane, madola 250. Mnyamata John, madola 550. Mnyamata Booker, madola 400. Ndi kamtsikana Amanda, madola 200.

Pepalalo silinena kuti Jane ndiye amace wa ana atatuwo. Ticidziwa ici cifukwa Booker anakula, naphunzira ku Hampton, nayambitsa sukulu ya Tuskegee m'dziko la Alabama m'caka ca 1881, nalemba mbiri ya moyo wace. M'buku lace lochedwa Up from Slavery, la m'caka ca 1901, anena kuti sanadziwe tsiku la kubadwa kwace, ndi kuti za atate wace anangomva mbiri yakuti anali Mzungu wa m'minda yapafupi. Pa tsiku la kulembedwa kwa cumaco iye anali wa zaka 5; ndipo taonani, mwana wa zaka 5 anaposa amace pa mtengo, pakuti oyesa mtengo anapenya zaka za nchito zimene zinatsala m'thupi la munthu.

Pali cinanso. Dzina ili la Washington mulibe m'pepalalo. Atamasulidwa, banja linasamukira ku Malden m'dziko la West Virginia, ndipo kumeneko mnyamatayo anadzisankhira dzinali polowa sukulu. Cotero munthu wofuna Washington m'mabuku a Franklin adzabwerera manja ali zii. Ayenera kudziwa dzina la Burroughs. Ambiri a omasulidwa anacita comweco: ena anatenga dzina la mbuye wotsiriza, ena la mbuye wakale wa makolo ao, ena dzina latsopano konse. Ndipo tikumbukire kuti anthu ena 6 olembedwa m'pepala lomwelo sanalembe buku. Kwa zidzukulu za anthu otere mzere umodzi wa mlembi wa bwalo ukhoza kukhala mbiri yonse yotsala.

AKALATA A AKURU AWIRI

Lamulo la 1782 linalola mbuye kumasula akapolo ace ndi kalata wa masiye. Koma la 1806 linaonjeza kuti womasulidwa acoke m'Virginia isanathe miyezi 12, akapanda kulandira cilolezo ca boma. Akalata a akuru awiri a dzikolo ationetsa mayendedwe a malamulo awa.

George Washington, mtsogoleri woyamba wa United States, anatsiriza kalata wace pa 9 July 1799, masamba 29 olembedwa ndi dzanja lace, namwalira pa 14 December caka comweco. Kalatayo anabvomerezedwa m'bwalo la cigawo ca Fairfax mwezi wa January 1800, ndipo asungidwa komweko. Pa munda wace wa Mount Vernon panali akapolo 317. Analamulira kuti akapolo ace amasulidwe atamwalira Martha mkazi wace. Kuti okalamba adyetsedwe ndi kubvekedwa. Ndi kuti ana opanda owalera aphunzitsidwe kuwerenga ndi kulemba ndi nchito ya manja. Mmodzi yekha, William Lee, anamasulidwa pomwepo, ndi madola 30 caka ndi caka. Koma ace eni eni anali 123 okha. Ena 41 anali obwereka kwa anansi, ndipo 153 anali a masiye a Daniel Parke Custis, mwamuna woyamba wa Martha. Pa iwo Washington analibe mphamvu yakumasula. Martha sanadikire imfa yace, koma anamasula a mwamuna wace aja pa 1 January 1801. Ndipo atamwalira iye m'caka ca 1802, a Custis anagawidwa kwa zidzukulu zace 4. Tsono magulu awiriwa anali atakwatirana zaka zambiri. Cotero mwamuna anaturuka mfulu, mkazi ndi ana natsala akapolo. Ndipo wofuna banja limodzi lotere ayenera kuwerenga masiye a nyumba ziwiri.

Thomas Jefferson, mtsogoleri wacitatu, anamwalira pa 4 July 1826 ali ndi ngongole yoposa madola 100,000. Kalata wace, wa m'bwalo la cigawo ca Albemarle, anamasula amuna 5 okha. Mwezi wa January 1827 anthu 130 anaikidwa pa malonda pa munda wace wa Monticello. Mmodzi wa omasulidwa anali Joseph Fossett, wosula zitsulo. Koma Edith mkazi wace ndi ana ao anagulitsidwa. Iye anasula zaka zambiri kuti awaombole, ndipo m'caka ca 1837 analembetsa ku bwalo pepala lomasula mkazi wace, ana 5 ndi zidzukulu 4. Pakuti pa lamulo anayenera kuyamba wakhala mwini wao asanathe kuwamasula. Peter mwana wace anatsala m'ukapolo kufikira 1850, nakhala pambuyo pace mbusa wa mpingo m'mudzi wa Cincinnati. Wowerenga kalata wa masiye yekha adzaona amuna 5 omasulidwa, nadzatseka buku wokondwa. Anthu 130 aja ali m'mapepala ena, a malonda ndi a ngongole.

ZA MOTO

Si mabuku onse anapulumuka. Pa nkhondo ya pakati pa Kumpoto ndi Kumwera, ya 1861 kufikira 1865, zigawo zina zinatumiza mabuku ao ku Richmond, mudzi waukuru, poyesa kuti kumeneko adzasungika. Koma pa 3 April 1865 asilikari a Kumwera pothawa anatentha nyumba zosungiramo fodya, ndipo moto unafalikira, nunyeketsa nyumba ya milandu pamodzi ndi mabuku a zigawo zonga Hanover, Gloucester ndi James City. Kalata wa George Washington anapulumuka, cinkana nayenso anatengedwa kunka ku Richmond. Wa Martha anacotsedwa m'bwalo la Fairfax ndi mkuru wa asilikari a Kumpoto. Pambuyo pace anagulidwa ndi mwini cuma J. P. Morgan, nabwezedwa ku Virginia m'caka ca 1915. Akalata a anthu omveka apeza owalondola; a anthu wamba akapsya, apsyeratu. Ife tidziwa cowawa cimeneci, pakuti nyumba ya alembi a boma ku Zomba inapsya m'caka ca 1919 pamodzi ndi akalata a zaka zoyamba za boma la Angerezi kuno.

Cifukwa ca zotere anthu anayamba kujambula mabukuwa. Gulu lochedwa Genealogical Society of Utah linayamba nchito yojambula akalata akale m'caka ca 1938, ndipo zithunzi zace ziwerengedwa tsopano pa intaneti pansi pa dzina la FamilySearch. Nyumba ya mabuku ya Library of Virginia ku Richmond isunganso zithunzi ndi mitolo yambiri ya m'zigawo, ndipo isonkhanitsa zotsala za zigawo zimene mabuku ao anapsya.

NJIRA YA WOFUNAFUNA

Tsono wofuna makolo ace m'mabukuwa ayenda motere.

Coyamba, afunsa okalamba amene akali ndi moyo, nalemba dzina liri lonse ndi malo ali onse achulidwa. Safunsa anadya phula. Ndipo buku siliyankha munthu wosadziwa cakufunsa.

Caciwiri, atsata banja m'kalembera cobwerera m'mbuyo kufikira 1870, nasamalira cigawo, ndi zaka za munthu ali yense, ndi maina a Azungu eni minda okhala pafupi. Pakuti omasulidwa ambiri anatsala pafupi ndi malo a ukapolo wao.

Cacitatu, afuna kaundula wa maukwati wa 1866. Pa 27 February caka cimeneco Virginia anaika lamulo lobvomereza maukwati a omasulidwa ndi ana ao, ndipo m'zigawo munalembedwa dzina la mwamuna ndi la mkazi, zaka zao, kumene anabadwira, ana ao, ndi mbuye wao wotsiriza. Akaundula ambiri anataika. Koma pamene atsala, ndiwo ulalo woolokera tsidya la ukapolo.

Cacinai, atadziwa dzina la mbuye, aphunzira mbumba ya mbuyeyo ngati yace yomwe: atate wace, apongozi ace, akamwini ace. Pakuti akapolo anayenda ndi colowa, ndipo ambiri analowa m'nyumba pamodzi ndi mkwatibwi wocokera ku cigawo cina. Asamalirenso malire, popeza anasinthika. Cigawo ca Franklin cinadulidwa ku zigawo za Bedford ndi Henry ndi lamulo la 1785. Cotero masiye a zaka za m'mbuyo mwace ali m'mabuku a ziwirizo.

Cacisanu, alinganiza mapepala. Dzina limodzi silitsimikiza kanthu, pakuti a John ndi a Mary anali osawerengeka. Koma akapeza maina atatu kapena anai oyenda pamodzi m'masiye a atate, nawapezanso pamodzi m'masiye a mwana patapita zaka 20, mtengo wa ana utakwera ndi wa akuru utatsika, pamenepo ayamba kuona banja. Mlandu suweruzidwa ndi mboni imodzi.

Cacisanu ndi cimodzi, afuna milandu ya olowa amene anakangana. Pamene abale anagawana mwamtendere, mlembi analemba mau owerengeka. Koma pamene anasumirana, bwalo linaitana mboni kuti zinene, kapolo uyu anabadwa liti, amace ndani, anadza m'nyumba muno ndi yani. Ndipo mayankho analembedwa onse. Cotero cibale ca akapolo cinalembedwa makamaka pamene ambuye ao analikulimbana za mtengo wao.

Potsiriza acenjere ndi mau a cibale, pakuti tanthauzo lace linasinthika. M'akalata a zaka za m'ma 1600 liu lakuti cousin, limene tilimasulira msuweni, linachula kawiri kawiri mwana wa mbale kapena wa mlongo. Ndipo son-in-law, limene lero ndi mkamwini, linachulanso mwana wopeza. Senior ndi Junior anasiyanitsa wamkuru ndi wamng'ono a dzina limodzi m'cigawo cimodzi, cinkana sanali atate ndi mwana. Ife sitizizwa nazo izi, pakuti mlendo womva mwana wathu alikuitana amuna atatu kuti atate adzasocera comweco, akapanda kufunsa za atate akuru ndi atate ang'ono.

MAU KWA IFE OSUNGA MABUKU

Abale, ambiri a ife tisunga kaundula wa ubatizo, wa maukwati, wa ana a sukulu ndi wa akufa. Ndipo pamudzi munthu akafuna kulembetsa kalata wa masiye adza kwa mphunzitsi. Alembi a ku Virginia sanadziwe kuti patapita zaka 150 kudzafika munthu wofuna amace a agogo ace m'masamba ao. Analemba cimene bwalo linafuna, nasiya cotsala. Ife tidziwa. Cifukwa cace polemba dzina la munthu tilembe lonse, la ubwana ndi la ubatizo, pamodzi ndi mfunda wace, dzina la amace ndi la atate wace, mudzi ndi mfumu yace, tsiku ndi mwezi ndi caka. Polemba kalata wa masiye tichule cibale ca wolandira ali yense momveka, ngati ndi mwana wobala kapena wopeza kapena wa mlongo, ndipo mboni ziwiri zilembe maina ao pamaso pa mwini kalata. Buku likadzala tilembe linzace lofanana nalo, tisunge awiriwo m'nyumba ziwiri, kutari ndi ciswe ndi denga lodontha. Ndipo okalamba amene asunga maina a mbumba m'mitima mwao tiwafunse caka cino, akali pakati pathu.